Dzanja la a Jailosi

"Ndiye mukufuna achimwene akusudzuleni chifukwa cha lonjezo?"

Enifa anafunsa ali chiimire pakhomo, nyuzipepala ili m'manja. Pepalalo linali litadutsa m'makomo ambiri mpaka kufewa ngati nsalu, koma chithunzi chinkaonekabe bwinobwino: mwana wawo Dyna ali mu yunifolomu ya sukulu, maso ali pagalasi la makina, ana ena asanu atamuunjirira. Pamwamba pake panali zilembo zikuluzikulu zakuti MAKINA A KU JONI ATHA ANA KU THUCHILA.

Mwamuna wake Alufeyo anali atakhala pansi pakhonde, akupala mitu ya batire la galimoto ndi kampeni. Anayankha osatukula mutu kuti lonjezo sasankhira nyengo, ndipo anamupempha kuti atsitse mawu popeza bambo ali m'chipinda ndipo makutu awo sanafe.

"Nkhani yake ndi yomweyo," anatero Enifa, mawu atatsikadi. "Anthu akuti m'mawa uliwonse makina amalira muno chitseko chili chotseka. Akuti mumabisa ana a eni ake nthawi ya sukulu. Mawu amodzi okha, bambo a Dyna. Mungonena kuti amene amasewera m'mawa ndi apongozi anu, zonse zatha."

"Zathera ine. Nanga iwo?"

Makinawo Alufeyo anabwera nawo chaka chapitacho, ulendo wa ku migodi utatsekedwa. Anzake anabwera ndi njinga ndi mawailesi. Iye anabwera ndi bokosi la galasi ndi timabokosi tiwiri ta zingwe, kalikonse kali ndi kagudumu kopotoza ndi zala. Ukalumikiza ku batire, pagalasi pankaoneka timitengo tiwiri toyera, kena uku kena uko, ndi kampira koyenda pakati. Ukapotoza kagudumu, kamtengo kako kankakwera kapena kutsika kuti kabweze kampirako, makina n'kulira kuti tii, tuu. Zonse zinali zomwezo. Ana ankasewera Loweruka masana okha, pakhonde, aliyense akuona.

Masiku enawo, ana akapita kusukulu, Alufeyo ankatseka chitseko n'kukhazika apongozi ake, a Jailosi, patsogolo pa galasilo. A Jailosi anagwira ukapitawo ku esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Matenda ofa ziwalo atawagwira, dzanja lamanja linapindika ngati phazi la nkhuku, mwendo n'kumakoka, lilime n'kulemera. Kuchipatala anati dzanjalo azilipatsa ntchito, koma iwo kampira ka nsanza kamene anawauza kuti azifinya anakaponya kunsi kwa bedi. Tsiku lina Alufeyo anangowaikira kagudumu pakati pa zala. Kampira koyera kanawadutsa kasanu, ndipo mkwiyo wa kudutsidwako ndi umene unagwedeza chala chachikulu koyamba. Tsiku lomwelo anamulumbiritsa mkamwini wawo kuti munthu wakunja asamve za masewerawo. Sankafuna kuti anthu amene kale ankawavulira chisoti azinena kuti a Jailosi abwerera ku umwana, akusewera zidole dovu lili chuchuchu.

Enifa anakhala pansi pambali pa mwamuna wake n'kuyala pepalalo pamiyendo. Anati cholakwa chinali chake, pakuti yunifolomuyo anasita ndi iyeyo.

Zinalidi choncho. Mtolankhaniyo anafika Loweruka, basi yake itafera pamsika. Anamva phokoso la ana n'kulitsatira. Anali mnyamata waulemu, wopereka moni ndi manja awiri. Atapempha kujambula, Enifa anati mwana wake sangalowe m'nyuzipepala atavala diresi lotuwa la kumunda. Anakoleza makala mu simbi n'kusita chovala chabwino chokhacho chimene Dyna anali nacho. Anzake a Dyna ataona, nawonso anathamangira kwawo kukavala mayunifolomu awo. Mlendo anaphedwera nkhuku, ndipo pochoka ananyamula zinanazi ziwiri. Sanafunse n'komwe kuti ana amasewera tsiku lanji.

Patatha sabata, nkhani inatuluka yakuti ana a ku Thuchila asiya sukulu chifukwa cha makina, kuti kumaiko akunja makina otere apengetsa ana ndi kuwaphunzitsa kuba ndi ndewu, ndiponso kuti makolo akulira. Kholo limene linkaliralo silinatchulidwe dzina.

Alufeyo anati munthu salakwa pomuveka mwana wake bwino. Kenako anadzuka, ananyamula batire n'kulowa nalo m'nyumba, popeza nthawi ya apongozi ake inali itakwana.

Wyson anafika Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Anali mlongo wake wa Enifa, wamkulu, kalaliki ku esiteti ina kufupi ndi boma, ndipo ndiye anali mwinimbumba. Analowa kaye m'chipinda kukaona bambo ake. Anawapeza atagona chammbali, dzanja lili m'bulangete monga mwa masiku onse, ndipo sanakhalitse. Wyson ankawakonda bambo ake, koma kuyambira pamene anadwala sankatha kuwayang'ana nthawi yaitali.

Pakhonde anakana thobwa. Ananena kuti kuntchito anzake amata chithunzicho pakhoma la ofesi. Ananena kuti tcheyamani wa chipani wa kumeneko wamufunsa ngati mtsikana wa m'nyuziyo ndi mphwake, ndipo funso la tcheyamani silikhala funso chabe. Ena akuti anamvanso nkhaniyo pawailesi, ngakhale palibe amene ankakumbukira tsiku lake.

Alufeyo anamvetsera manja ali pamawondo. Anati masewera a Loweruka wawaimitsa kale, ndipo Dyna sanajombepo kusukulu chaka chonse, aphunzitsi akhoza kuchitira umboni.

"Za Loweruka ndazimva, alamu. Ndikufunsa za Lolemba, Lachiwiri mpaka Lachisanu. Makina amalira muno m'mawa kapena anthu akunama?"

"Amalira."

"Mumakhala ndi ndani?"

"Mwana wa munthu salowa muno, alamu. Pamenepo ndikhoza kugwira Baibulo."

"Ndiye bambo wamkulu ngati inu, anzanu ali kumunda, mumadzitsekera n'kumasewera nokha ngati wamisala?"

"Mukhoza kutero."

Wyson anayang'ana mlongo wake. Enifa anayang'ana pansi, milomo ikuyenda pang'ono. Wyson ankadziwa kuyambira ali ana kuti milomo ikamatero ndiye kuti akupemphera, ndipo zinamukwiyitsa koposa.

Anati mkamwini asamakule mwendo. Anati nthaka imene nyumbayo inakhalapo ndi ya amayi ake, ndipo Dyna ndi wa mbumba yake, osati wa ku Limbuli kwawo kwa Alufeyo. Anapereka masabata awiri. Pofika Loweruka lachiwiri, makinawo akhale ataphwanyidwa pamaso pa anthu ndipo Alufeyo anene amene amamubisa. Apo ayi, aitane nkhoswe yake adzamutenge.

Wyson atakwera njinga, Enifa anaona kuti chitseko cha chipinda cha bambo ake chinali chotsekuka pang'ono. Iye anali atachitseka.

Masabata awiri amenewo anali aatali. Kusukulu anzake a Dyna anamupatsa dzina lakuti Nyuzi. Amayi awiri analetsa ana awo kuyenda naye. Pachitsime, Enifa akafika nkhani zinkatha, ndipo ndowa yake inkangodzipezera malo kumapeto a mzere. Mlaliki wina wochokera kutali analalikira za mafano a masiku ano amene amalira ngati mbalame, ndipo theka la mpingo linatembenuka kuyang'ana benchi imene Enifa anakhala.

Komabe Enifa sanaleke kuona zina. Ahedi anamuitana, natseka chitseko cha ofesi, namutsegulira kaundula wa Sitandade 8. Anayendetsa chala pamzere wa dzina la Dyna kuyambira kumanzere mpaka kumanja, popanda pena pamene panali mpata. Sananene kanthu za nyuzipepala, pakuti masiku amenewo munthu wa boma sankatsutsana ndi zosindikizidwa. Anangoti mwanayo asaleke kubwera, mayeso ali pafupi. Mai Agatha oyandikana nawo, amene anayamba kunena za kulira kwa m'mawa, anasiyabe lichero la nyemba za kalongonda zophika pakhonde tsiku limene anamva kuti a Jailosi sakudya bwino. Ndipo ku Chonde, makaniko amene ankatchaja batire anayamba kulikulunga m'thumba la feteleza asanalipereke, kuti Alufeyo adutse pamsika popanda womuloza chala.

Enifa ankazitchula zimenezi chimodzichimodzi akamapemphera m'munda wa nandolo, phiri litafunda chiperoni. Sankapempha kuti mtolankhani uja alangidwe. Ankapempha kuti lilime lake ligwidwe, chifukwa kawiri konse anafika mpaka pa siteji ya basi kuti akamuuze Wyson zonse, ndipo kawiri konse anabwerera. Lonjezo silinali lake, koma ankadziwa kuti akaliphwanya, mwamuna wake adzatsala pamudzipo atachepa.

Alufeyo sanaphonye m'mawa ngakhale umodzi. Kabatani kotsitsira mawu a makina kanathyoka kalekale m'njira ya ku Joni, choncho ankakutira bokosilo ndi bulangete kumbuyo. Koma mudzi ukafuna kumva umamva.

Lachitatu la sabata lachiwiri, Enifa akusesa pabalaza, anamva bambo ake akukana. Mawu awo ankatuluka amodziamodzi, ena m'Chilomwe, chimene chinabwerera pakamwa pawo chidwalireni. Ankati makinawo achotsedwe, akatayidwe mumtsinje wa Thuchila, iwo atopa nawo.

Alufeyo anayankha ngati sanamve. Anati dzulo anabweza kampira kasanu ndi kawiri motsatizana, lero afike pa khumi.

"Akuchotsa pamudzi," anatero a Jailosi. "Ndinamva."

"Munamva bwino, bambo. Koma dzanja ili likaima sabata imodzi libwerera kumene linachokera. Makina sindiphwanya. Gwirani apa."

"Nena... kuti ndine."

Enifa anaimitsa tsache.

"Mukunena ndi mtima wonse, bambo?"

Enifa anasuzumira n'kuona bambo ake atatembenuzira nkhope kukhoma. Alufeyo anadikira pang'ono, kenako anawapukuta pakamwa ndi kansalu, nawatsegula zala chimodzichimodzi monga ankachitira masiku onse, nawaikira kagudumu. Anati za Loweruka zidzaoneka Loweruka, lero ndi Lachitatu. Patapita nthawi makina analira.

Lachisanu masana Alufeyo anaitana mkazi wake n'kumuonetsa malumikizidwe a zingwe, chofiira apa, chakuda apo, osasinthanitsa. Anamuuza kuti iye akachoka, makinawo awabise kwa mkulu wake Elson kapena kwina kulikonse kumene Wyson sangafike, ndipo zikazizira awabweze. Anamuonetsanso motsegulira zala za bambo ake popanda kuwapweteka, kuyambira chaching'ono. Sutikesi yake ya ku Joni inali kale pakona, itamangidwa ndi lamba. Enifa anamva zonse, anabwereza zonse, osalira. Atatuluka anapita kuseri kwa nkhokwe ndipo anakhalako nthawi.

Loweruka kunacha kozizira. Elson, mkulu wake wa Alufeyo amene analinso nkhoswe yake, anafika kuchokera ku Limbuli dzuwa litangokwera. Wyson anafika ndi amalume ena awiri a kuchikazi. Anayala mikeka pabwalo. Ngakhale mlandu wa banja suitanirwa anthu, oyandikana nawo anapeza zochita pafupi, wina kusenda chinangwa, wina kufunafuna nkhuku imene sinasowe. Dyna anakhala pakhonde mabuku ali pamiyendo, osawerenga.

Wyson anatulutsa nyuzipepala m'thumba la jekete n'kuiyala pakati pa mkeka, naikapo mwala kuti isauluke. Anafotokoza zonse mwadongosolo ngati kalaliki. Elson anayankha modekha kuti zakumva zimapweteka mutu, ndipo anapempha kuti abwere kholo ngakhale limodzi limene mwana wake anapezeka m'nyumbamo nthawi ya sukulu. Palibe anabwera. Mmodzi wa amalume aja anati kholo silifunika pamene chithunzi chilipo, ana asanu ndi mmodzi ali mu yunifolomu dzuwa lili pamutu.

Apo Enifa anapempha kulankhula. Anafotokoza za basi yofera pamsika, za nkhuku, za simbi, ndi za ana amene anathamangira kwawo kukasintha. Anati linali Loweruka ngati lomweli.

"Ndiye ukuti nyuzipepala yanama, iwe Enifa?" anafunsa Wyson.

Amene ankasenda chinangwa anaimitsa mpeni. Aliyense ankadziwa kumene mawu otere amakamufikitsa munthu, ndipo Wyson yemwe anaoneka kuti akanakonda kuwabweza.

"Sindinatero, achimwene. Ndati yunifolomuyo ndinasita ine."

Mai Agatha anatsokomola kumene anali, nanena motsitsa kuti tsiku limenelo simbi inazima makala ndipo Enifa anadzapala moto kwawo. Linalidi Loweruka, chifukwa iwo anali akuchapa za kutchalitchi.

Wyson anavomera kuti za chithunzi zikhale choncho. Koma anati mutu wa mlandu udakalipo. Anatembenukira kwa Alufeyo n'kufunsa kachiwiri, pamaso pa ankhoswe, kuti m'mawa amadzitsekera ndi ndani. Elson anamugunda mng'ono wake ndi chigongono, namunong'oneza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alufeyo anati wanena kale zimene angathe kunena, ndipo ngati mwinimbumba wagamula, sutikesi yake ndi yomanga. Anangopempha kuti Dyna asasokonezedwe mpaka alembe mayeso.

Wyson anapuma mozama. Anayamba kunena kuti iye sanafune kuti zifike pamenepa, koma sanamalize, chifukwa chitseko cha nyumba chinatsekuka.

A Jailosi anali asanatuluke pabwalo masana kwa miyezi khumi. Anaima pakhomo ndodo ili kumanzere, atavala jekete lawo lakhaki la ukapitawo. Mabatani anali omanga mpaka m'khosi, ngakhale limodzi linalowa pabowo la linzake moti kolala inapendekeka. Enifa anadziwa pomwepo kuti amanga okha, pakuti iye ndi Alufeyo anali panja chiyambire m'mawa. Anadzuka kuti akawagwire, koma iwo anapukusa mutu. Anatsika khonde okha, phazi limodzi, kenako kukoka linalo, ndipo panatenga nthawi yaitali kuti afike pamkeka. Elson anawapatsa mpando wake.

"Bweretsa," anatero kwa Alufeyo.

Alufeyo anawayang'ana m'maso, ndipo iwo anabwereza. Anapita n'kubwera ndi bokosi, Dyna atanyamula timabokosi ta zingwe, Elson atathandiza batire. Anaziika pamthunzi wa khonde kuti galasi lioneke. Timitengo tiwiri toyera tinatulukira.

A Jailosi anatulutsa dzanja lamanja m'thumba la jekete. Analitambasula pang'onopang'ono pamaso pa anthu onse, chala chimodzi, china, china, mpaka zinayi zinawongoka, chaching'ono chokha n'kutsalira. Anatola okha kabokosi kamodzi. Kenako analoza kabokosi kachiwiri ndi chibwano.

"Iwe Wyson. Gwira."

Wyson anayamba kunena kuti iye zimenezi sazidziwa, koma bambo ake anamuyang'ana mmene ankayang'anira othyola tiyi ochedwa, ndipo anagwada pamkeka n'kugwira.

Kampira kananyamuka kulunjika kwa a Jailosi. Chala chachikulu chinagwedezeka, kamtengo kanakwera, makina analira kuti tii. Kampira kanabwerera n'kudutsa kamtengo ka Wyson osakakhudza. Kanabweranso, a Jailosi anabweza. Dovu linayamba kutsika pakona ya mlomo wawo, ndipo kumbuyo mtsikana wina anaseka mokweza, mayi ake n'kumutsina. A Jailosi anamva kusekako. Anaika kabokosi pamwendo, anatenga kansalu ndi dzanja lomwelo lamanja, anapukuta pakamwa, n'kutolanso kabokosi.

Kampira kanamudutsa Wyson kachitatu, kachinayi. Iye sankayang'ana pagalasi n'komwe. Maso ake anali pa zala za bambo ake.

A Jailosi atakhutira anaika kabokosi pansi. Analankhula nthawi yaitali, mawu akukakamira, ndipo pena Enifa ankafuna kuwathandiza koma ankadziletsa. Anati amene amabisala m'nyumbamo m'mawa uliwonse ndi iwowo, Jailosi, kapitawo, mkulu wa mpingo. Anati anamulumbiritsa mkamwini wawo chifukwa ankaopa kuseka kwa anthu, ndipo kusekako akumva lero, sikunawaphe. Anati masabata onsewa akhala ali gone m'chipinda kumvetsera mwana wa eni ake akutukwanidwa chifukwa cha manyazi awo, iwo ali chete, ndipo pa zonse zimene anachitapo m'moyo chimenechi ndicho akachiyankhire kwa Mulungu.

Anapuma, natembenukira kwa mwana wawo.

"Nthaka ino ndi ya amako, wanena zoona. Ine ndinabwera ndi mkeka ndi khasu. Ndine mkamwini ngati uyu. Ukamuchotsa, umange ndi katundu wanga. Akamwini tichokera limodzi."

Mmodzi wa amalume aja, amene sankakonda kuti mlandu umuthere m'manja, analoza pepala lili pamkeka n'kufunsa kuti nanga zolembedwazi zitani, popeza dziko lonse lawerenga.

"Wolembayo anadya nkhuku ya pano," anatero a Jailosi. "Dzanja langa sanalione."

Wyson anali akadali chigwadire. Anatambasula dzanja lake, ndipo bambo ake analigwira ndi lamanja, monga amuna apatsirana moni. Anagwirana choncho nthawi ndithu. Wyson anafunsa motsitsa kuti zinayamba liti, ndipo Alufeyo anayankha kuti chala choyamba chinagwedezeka mwezi wa Febuluwale. Wyson anawerenga miyezi chamumtima. Anali atabwera pakhomopo kasanu m'miyezi imeneyo, ndipo sanapemphepo kuona dzanjalo.

Sanapepese ndi pakamwa, ndipo Alufeyo sanayembekezere zimenezo. Wyson anangouza Elson kuti ulendo wake wa ku Limbuli abwerera yekha monga anabwerera, ndipo anauza mlongo wake kuti thobwa lija analikana tsiku lija, ngati lilipo lina, alendo ali ndi ludzu. Enifa anapita kukatenga. Polowa m'nyumba anaima pang'ono pambali pa sutikesi ija, anatseka maso, kenako anamasula lamba wake n'kumupachika pamsomali.

Nyuzipepala sinabwerenso ku Thuchila kudzafunsa, ndipo sinalembenso kanthu za nkhaniyo. Enifa ankadziwa kuti ku Luchenza, ku Phalombe ndi kutali kumene sanafikeko kuli anthu amene adzakhulupirira mpaka kalekale kuti mwana wake anathawa sukulu. Ngakhale pabwalo pomwepo, wina pochoka ananong'ona kuti makina odzutsa dzanja lakufa ayenera kuti ali ndi zake. Koma potuluka ndi thobwa anapeza Dyna atakhala pafupi ndi agogo ake, akuwamasula batani lolakwika lija, iwo akumukankha dzanja kuti amange okha.

Anthu akumwa, chithunzi pagalasi chinayamba kuchepa ndi kuzilala mpaka chinazima. Alufeyo anati batire latha, anali atalisiya osatchaja poti sankadziwa za mawa. A Jailosi anadandaula kuti ndiye Lolemba atani.

Wyson anafunsa kumene amatchaja. Atauzidwa kuti ndi ku Chonde, anati njira yake ndi yomweyo, ndipo mawa akadzabwera kudzapemphera ndi bambo adzabwera nalo. Ananyamula batire yekha n'kuliika pakaliyala ya njinga yake, nalimanga ndi chingwe cha mphira. Enifa anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi thumba la feteleza lija. Anati alikulunge, lero ndi tsiku la msika ndipo anthu amalidziwa batire limeneli.

Wyson analandira thumbalo, analiyang'ana, nalipinda bwinobwino n'kumubwezera.

"Alione," anatero.

Anakankha njinga mpaka pamsewu, batire lili poyera, nakwera kulunjika kumsika. Atafika pokhota anacheuka. Bambo ake anali atakhala pampando pakati pa bwalo, jekete lili lomanga bwino tsopano, dzanja lamanja lili m'mwamba.